Sakhwi, Kachimfine ndi Mwana wa M'chikuta

Padangokhala, ndipo inu muli nane pano vomerani kuti tili limodzi.

Kudali kanthu kena dzina lake Kachimfine. Kuchepa kwake, ngakhale nsabwe inkati ikatong'ola maso, osamuona. Adalibe nyumba, adalibe khasu, ndipo kubereka sankatha. Ena ndiwo ankachita kumuumbira ana. Padzuwa sankakhalitsa, likangomuwomba ankauma ngati dontho la malovu. Chuma chake chonse chidali pakamwa.

Tsiku lina adakwera fumbi nakalowa m'mphuno mwa Njati, nduna yaikulu ya m'mudzi wa nyama.

Tsono m'mphuno mwa nyama iliyonse, ngakhale mwanumo, muli kamudzi. Njira yake imayambira pamphuno, kudzera kukhosi mpaka m'chifuwa, ndipo uku ndi uku kuli tinyumba tothithikana. Eni tinyumbato amapaka ulimbo panjira, womwe ife timati mamina, ndipo amasesa osapuma. Mlendo akakanirira pa ulimbowo, amamukankha ndi timatsache tawo, kupatsirana khomo ndi khomo mpaka atamutaya kunja.

Kachimfine adangofikira pa ulimbo, phatiphati! Timatsache tidayamba kumukankha.

"Pang'onopang'ono, akuluakulu! Kuno mlendo mumamulandira ndi tsache?"

"Kuno sitilandira alendo," adatero wosesa wina. "Dutsa."

Akukankhidwa choncho, iye adatchera khutu. Adamva mmene eni mudzi amagogodera akamalowerana m'nyumba. Atafika pakhomo lina adagwira mphuthu, nagogoda chimodzimodzi.

"Odi, amayi! Ndine mwana wa mlongo wanu."

"Ine mlongo ndilibe," adayankha mayi wa m'nyumbamo.

"Ndiye kuti ndine wa alamu anu. Mwamva mlendo akugogoda chonchi?"

"Kagogodedweko n'kachibale ndithu," adatero mayiyo, natsegula.

M'nyumbamo mudali dongo lomatira zipupa. Kachimfine adayang'ana zipupazo nagwira pakamwa.

"Manja awa, amayi! Kwathu kulibe woumba ngati inu. Koma kanthu kovuta ngati ine simungakathe."

"Iwe? Khala pomwepo, usagwedezeke."

Mayiyo adaumba kanthu konga Kachimfine. Kanthuko kadaimirira n'kunena kuti, "Koma wina ngati ine simungamuthe." Mayiyo adaumbanso. Adaumba, adaumba, tsache n'kuliiwala, mpaka nyumba idadzaza, chipupa n'kung'ambika. Ana aja adamwazikira m'makomo ena, aliyense akugogoda mwachibale. Kusesa kudaima, ulimbo udadzaza njira, ndipo Njati adayamba kupumira kukamwa.

Anawo akachuluka ankaimba. Kadali kanyimbo kakafupi, koonda ngati likhweru. Atate awo ankafunsa kumene kuli khomo latsopano, ana n'kuvomera onse pamodzi kupempha mphepo kuti iwanyamule.

Koma thupi lili ndi alonda ake. Iwo amachedwa kumva, koma akamva amabwera ndi miuni, ndipo n'chifukwa chake wodwala amatentha thupi. Kachimfine ankadziwa kuti ayenera kusamuka alondawo asanamupanikize.

Mwayi wake udali mwambo wa m'mudzimo. Wina akadwala, nyama zonse zinkapita kukamuzonda. Zinkalowa m'nyumba, kutseka chitseko kuti mphepo isamuwombe wodwala, kukhala mothithikana, n'kumamwera chikho chimodzi. Wosapita ankamutcha wouma mtima.

"Mwadzuka bwanji, anduna?" adafunsa Nguluwe, mphuno yake ili pafupi ndi ya Njati.

"Ana inu, mugirigisheni," adatero Kachimfine.

"Ndadzuka pang'o… etsiii!"

Onse a m'nyumbamo adabwerera kwawo ndi alendo. Mawa lake Nguluwe adagona, nyama zidakamuzonda. Kenako Mbawala, kenako Nyani, mudzi wonse mphuno noninoni.

Komabe zinthu sizidamukomere Kachimfine mpaka kalekale. Alonda a m'thupi saiwala nkhope. Atayesa kubwerera kwa Njati, adangomva, "Ndiwe uja!" ndipo adathawa chitseko asanachikhudze. Kwa Nguluwe chimodzimodzi. Nyumba zidayamba kumuthera. M'mudzi monse mudangotsala awiri amene anali asanamulandirepo.

Woyamba adali Sakhwi, uja wa mphuno yaitali. Sakhwi adali wamanyazi kwambiri. Pozonda odwala ankangofika pakhomo, kuwomba m'manja, kusiya tinkhuni, n'kubwerera. Ntchito imene ankaikonda idali yosesa tinjira ta m'mudzi ena asanadzuke, kuchotsa minga ndi timiyala. Nyama zinkangoyenda bwino osadziwa wozisesera, ndipo iye zinkamukomera choncho.

Wachiwiri adali khanda la Gwape, lomwe lidali lisanatuluke m'chikuta. Gwape adali mnzake wa Sakhwi. Pamaphwando ankakonda kukhala kutsogolo kwake, kumutchinga, kuti Sakhwi adye momasuka popanda maso a anthu. Sankanenapo kanthu, koma Sakhwi ankaziona. Ndipo ali woyembekezera, Gwape adati, "Mwanayu akadzabadwa, wodzamutulutsa m'chikuta ndiwe." Akazi a anduna adang'ung'udza, poti ulemu umenewo nthawi zonse unkapita kwa iwo. Sakhwi adakhala masiku ambiri akuseka yekha.

Nthawi imeneyo Kachimfine adali atabisala mwa Nungu, nkhalamba yamasiye. Nungu sankazondedwa kawirikawiri, chifukwa kukhala naye mothithikana kudali kovuta. Sakhwi adaona kuti pakhomo pa nkhalambayo padalibe mapazi a alendo. Adaphika kaphala, nalowa.

"Agogo, dzukani mumweko."

Adawagwirira chikho. Nungu adamwa pang'ono, kenako chifuwa chidamukwera. Kho! Kho!

"Pepa, mwanawe, ndakutsokomolera kumaso."

"Palibe kanthu, agogo. Imwani."

Padapita masiku Sakhwi osamva kalikonse. Kenako tsiku lina akusesa adamva kukhosi kukukanda, ndipo adaima. Munthu wosalankhulalankhula amamva zambiri. Kanyimbo kaja ankakamva ali pamakomo a odwala, kakuchokera m'zifuwa zawo. Tsopano kankachokera m'mphuno mwake momwe. Atate ankafunsa khomo, ana n'kuvomera za mphepo. Nyimbo itatha adamva mawu.

"Ana anga, pano tangodutsa. Kumene tikupita ndi kwa mwana wa Gwape. Kumeneko tinyumba n'tatsopano, alonda ake adakali makanda, sadziwa n'kugwira muuni komwe. Njira yake ndi yopapatiza ngati phesi la udzu. Tikangochulukana pang'ono, yonse ndi yathu."

"Nanga mwini wake azipuma bwanji?" adafunsa mwana wina.

"Zimenezo si zathu."

Sakhwi adasiya tsache pansi. Adalowa m'nyumba mwake, natseka ndi mpiringidzo.

"Ndani ali m'mphuno mwangamu?"

Kachimfine adaseka mwaulemu. "Mlendo wanu, achemwali. Ndimati ndikupatseni moni mawa. Nyumba yanu ndi yaitali bwino, yosesedwa. Ine sindikhalitsa ayi. Mukangondiperekeza kwa anzanu aja, ndikusiyani."

"Ndamva zimene mwauza ana anu."

"Aa, zocheza ndi ana mumazitenga ngati zoona?"



Mawa lake kudafika Nkhanga, mzamba wa m'mudzimo. "Odi kuno! Iwe Sakhwi, mchombo wagwa. Abale asonkhana kale. Samba, tiye ukatulutse mwana."

"Mwamva?" adanong'ona Kachimfine. "Tsiku lanu lafika. Mulibe chimene chikukupwetekani kwenikweni. Kakukhosi chabe."

Zidali zoona. Sakhwi akadatha kuyenda, akadatha kunyamula mwana, ndipo palibe akadadziwa. Adagwira mpiringidzo, nausiyanso.

"Azamba, sinditha kubwera. Ndili ndi matenda aja."

"Mawu ako ali bwinobwino. Tsegula ndikuone."

"Musalowe, chonde. Inu muchoka pano n'kukagwira mwana."

"Nanga ndikagwira mwana n'chiyani? Matenda ali mwa iwe, ine andikhudza bwanji?" Nkhanga adadikira, koma chitseko sichidatseguke. "Iwe mwana iwe, manyazi akowa afika pokana mwana wa mnzako? Gwape adakangana ndi akuluakulu chifukwa cha iwe. Ndikamuuze chiyani?"

"Mukamuuze kuti ndapepesa."

Nkhanga adachoka akudandaula njira yonse. Patapita kanthawi, nthungululu zidamveka kuchokera kwa Gwape. Mwana adatulutsidwa ndi akazi a anduna. Sakhwi adakhala pamphasa, misozi ikutsikira kumphuno.

"Mwaona?" adatero Kachimfine. "Ulemu wapita, mnzanu wapita. Ndipo mudzi wonse ukuti ndinu wonyada. Ine ndikumva chisoni, achemwali. Bwanji mumutumizireko mphatso? Ulendo simupita, chabwino, koma mkuzi wa mwana?"

Sakhwi adali atasunga kale timikanda toyera. Adaganiza kuti pamenepo palibe cholakwa. Adatenga ulusi, naunyowetsa kukamwa monga amachitira aliyense kuti ulowe m'mikanda. Adatunga, adanyowetsa, adatunga, mpaka mkuzi udatha. Kachimfine adakhala chete nthawi yonseyo, ndipo kukhala chete kumeneko kudamudabwitsa Sakhwi. Adauika mkuzi pakhutu.

Mkuzi unkaimba. Kanyimbo komwe kaja, kofunsa khomo ndi kupempha mphepo.

"Mwakwera pa ulusi," adatero Sakhwi.

"Ana ochepa chabe, akukaona dziko. Utumizeni msanga mphatso isazizire."

"Msanga chifukwa chiyani?"

"Palibe chifukwa. Kungoti kunja kukutentha."

Sakhwi adakumbukira kuti alendowa ankakonda nyumba zotseka, ndipo sadamvepo kanyimboko pabwalo. Adatulukira kuseri, nayala mkuziwo pathanthwe.

"Achemwali! Mikanda isuluka!"

"Mikanda sisuluka."

"Akuba aitenga!"

"Ndili pompano."

Kanyimbo kadayamba kuchepa, kadachepa, kenako zii. Sakhwi adausiya mkuziwo padzuwa mpaka lidapendeka, ndipo sadaukhudzenso. Nungu, yemwe adali atachira, ankabwera tsiku ndi tsiku kudzasiya mbatata yootcha pakhomo osagogoda. Sakhwi adamupempha kudzera pachitseko kuti atole mkuziwo ndi munga wake akapereke kwa Gwape.

Apa Kachimfine adaleka zaulemu. Alonda a m'thupi la Sakhwi adali atayatsa miuni, ndipo tinyumba tambiri tidali titaphunzira kusatsegula.

"Ana inu," adatero, "ngati iye sapita kwa mwana, mwana abwera kwa iye. Tiyeni kumunsi."

Adatsikira m'chifuwa, nagogoda makomo onse a kumeneko. Sakhwi adatentha thupi, adanjenjemera, ndipo adatsokomola kotero kuti mudzi wonse udamva. Mbatata za Nungu zidayamba kuunjikana pakhomo osadyedwa.

"Mundipha," adatero Sakhwi.

"Ayi, ndikungokuitanirani mnzanu. Ine ndayenda m'mudzi uno, ndikuudziwa. Woyamwitsa akamapita kukazonda wodwala, mwana amamusiyira ndani?"

Dzuwa lili paliwombo, pakhomo padamveka ziboda.

"Sakhwi! Ndine Gwape. Tsegula."

Kumsana kwake kakhanda kadalira.

"Gwape, bwerera. Chonde bwerera."

"Sindibwerera. Ndidakwiya, n'zoona, ndidalira. Koma aNungu atabweretsa mkuzi ndidati ayi, uyu sanandikane. Ndiye ndikumva ukutsokomola chonchi ndikhale pansi? Tsegula, apo ayi chitsekochi ndichimenya chidendene."

Gwape akanena ankachita. Sakhwi adayang'ana mpiringidzo wake, kamtengo kowonda. M'mphuno mwake ana adali atayamba kale kuimba mokweza.

Adapumira m'mwamba, nalankhula motsitsa. "Mwandigonjetsa, aKachimfine."

"Ndinkadziwa kuti ndinu wanzeru, achemwali."

"Ndikupemphani chimodzi. Musatuluke pang'onopang'ono, kuti ndizichita manyazi kuyetsemula kambirimbiri pamaso pa mnzanga. Bwerani nonse kunsonga kwa mphuno. Tikafika pafupi ndi mwana, mutuluke kamodzi."

Kachimfine adakondwa, poti alonda adali atamuyandikira kumbuyo. "Ana inu, nonse kumtunda! Asatsale wina!"

Ali pa chipwirikiti chokwera, akuimba ndi kukankhana, Sakhwi adafika pa mng'alu wa chitseko nanong'ona. "Gwape, sindinakupemphepo kanthu chibadwire. Pita ukaime kumene mphepo ikuchokera, patali, pamene ungandione koma osandigwira. Mwana akalira usamutonthoze."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Ingochita. Ndikufotokozera ndikachira."

Gwape adamva mawuwo kuti sadali amanyazi. Adapita.

Sakhwi adatulukira kuseri, akudzandira, nakaima pafupi ndi thanthwe lija, mphepo ikumuwomba kumsana. Tsono m'mphuno mulibe zenera. Kachimfine ankangodalira makutu.

"Tafika?"

"Tamverani nokha."

Mphepo idanyamula kulira kwa khanda kuchokera kumene kudali Gwape, n'kukufikitsa pa Sakhwi ngati mwanayo ali pamapewa pake.

"Ali pompa! Ana inu, girigishani!"

Etsiiii!

Adatuluka onse ngati nkhungu, akuimba kupempha mphepo kuti iwanyamule. Mphepo idawanyamuladi, koma idapita nawo kutali ndi mwana, n'kuwamwaza pathanthwe lotentha. Nyimbo idadukira pakati. Amene adatsalira m'mphuno adapezana ndi alonda.

Kachimfine yekha, popeza adalumpha patsogolo, adapitirira thanthwelo. Kuseri kwake kudali Munthu atagwada, akutchera msampha pa kanjira kosesedwa bwino kamene adakaona, kukamwa kuli yasa. Kachimfine adagwera momwemo. Adapeza kamudzi konga tina tonse, ulimbo, timatsache, tinyumba. Adatchera khutu, naphunzira kagogodedwe. Munthu uja adafika kwawo akuyetsemula, msampha osaumaliza, ndipo abale ake adabwera kudzamuzonda, natseka chitseko kuti mphepo isamuwombe. Kachimfine ali komweko mpaka lero. Adaphunziranso nzeru ina kumeneko: alonda akamuzindikira, amasintha malaya n'kubweranso.

Sakhwi adagwa pansi pomwepo. Gwape adafuna kuthamanga, koma Sakhwi adakweza dzanja.

"Khala komweko! Ungondionetsa."

Gwape adamasula mbereko, nakweza mwana m'mwamba. Kadali kakhanda ka miyendo ngati timitengo, m'chiuno muli timikanda toyera. Sakhwi adakayang'ana nthawi yaitali ali patali, kenako adakwawira m'nyumba.

Adakhalabe yekha mpaka chifuwa chidapepuka. Timatsache ta m'kati mwake tidayambanso kusesa, makhololo adatuluka, ndipo tsiku lina adatchera khutu osamva kanyimbo kalikonse. Adadya mbatata za Nungu, ngakhale zouma zomwe. Adatenga tsache lake, akuganiza za minga imene idzakhale itadzaza tinjira.

Atatsegula chitseko adapeza kanjira kochokera pakhomo pake katasesedwa kale. Kadaseseka moipa. Kadali kokhotakhota, dothi litakumbika uku ndi uku, timiyala titangosunthidwa pang'ono, ndipo paliponse padali zizindikiro za ziboda. Adakatsata mpaka pakhomo pa Gwape.

"Wasesa ndani chonchi?"

"Usandiseke, iwe. Ziboda sizigwira tsache," adatero Gwape. "Unkayesa sindidziwa amene amatisesera? Khala pansi."

Akazi a anduna adali pomwepo, atabwera kudzaona mwana. Adamuyang'ana Sakhwi kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye mwabwera tsopano, zonse zitatha?"

Sakhwi adayang'ana pansi. Gwape adadzuka, nakaima pakati pawo monga ankachitira pamaphwando. Atatchinga choncho adamasula mwana, namuika pamiyendo pa mnzake.

Sakhwi sadamugwire msanga. Adayamba wagwedeza mphuno yake, uku, uku, akumvetsera ngati muli woimba. Mudali zii. Ndiye adaika khutu pachifuwa cha mwanayo. Mpweya unkalowa n'kutuluka, kulowa n'kutuluka, popanda kalikhweru.

"Ukumva chiyani?" adafunsa Gwape.

"Palibe," adatero Sakhwi, namufungata.

N'chifukwa chake mukamuona sakhwi lero, mphuno yake siima. Amayamba wafunsa m'kati mwake ngati muli mlendo, asanayandikire mnzake.

Yanga yathera pamenepa. Tsegulani chitseko kaye mphepo idutse, wina ayambe yake.